Masipika, Mawaya ndi Katundu wa Ampulifaya

Nkhani yathu lero ndi ya mawaya aŵiri okha, aja amachoka kumbuyo kwa ampulifaya kupita ku sipika. Kuŵalumikiza ndi ntchito yooneka yachibwana, yoti ngakhale mwana wa sukulu angaigwire phala lisanazizire, ndipo n'chifukwa chake anthu ambiri saiŵerengera. Koma mukapita kwa amisiri okonza mawailesi pamsika, mukaone mulu wa maampulifaya akufa umene uli pansi pa tebulo lawo, kenaka muŵafunse chimene chinaŵapha. Ena anaphedwa ndi mphenzi, ena ndi magetsi obwera mwaukali atazima, koma ambiri ndithu anafera pa mawaya aŵiri omweŵa.

Kuti timvane bwino, tiyambe tasuzumira m'kati mwa bokosi la sipika. Mukachotsa nsalu ya kumaso kwake muona chipepala cholimba chooneka ngati chipeŵa chozondoka. Kumbuyo kwa chipepalacho, pakati penipeni, anamatapo kachubu kokulungidwa ndi waya wamkuwa woonda ngati tsitsi. Imeneyo ndiyo koyilo. Koyiloyo imakhala m'kampata kopapatiza ka maginito aja amene amalemeretsa sipika poinyamula. Magetsi ochokera ku ampulifaya akadutsa m'koyilo kuloŵera mbali imodzi, maginito amaikankhira kunja. Akabwerera mbali inayo, amaikokera m'kati. Chipepala chimatsatira, n'kumakankha ndi kukoka mpweya monga chichitira chikopa cha ng'oma, ndipo makutu athu amamva nyimbo. Kapangidwe kameneka si kachilendo. Akatswiri aŵiri a kampani ya General Electric ku America, Chester Rice ndi Edward Kellogg, anakafotokoza m'chaka cha 1925, ndipo kufikira lero masipika ambiri a m'nyumba, a m'galimoto ndi a m'mafoni amatsata nzeru yomweyo.

Chimene ambiri sadziŵa n'chakuti sipika ndi yosakaza. Pa mphamvu yonse imene ampulifaya imatumiza ku sipika wamba ya m'nyumba, imene imasanduka mawu nthaŵi zambiri sipitirira magawo 2 pa magawo 100 alionse. Yotsalayo imasanduka kutentha, ndipo kutenthako kumathera pa kawaya koonda ka koyilo kaja. Nayo ampulifaya imatentha potumiza mphamvuyo. Choncho zambiri zimene ndinene lero ndi za kutentha: chimene chitenthe ndi chiti, ndipo chitenthe kufika pati.

Tembenuzani bokosi la sipika yanu muyang'ane kumbuyo. Pafupi ndi pomangira mawaya mupeza nambala, kaŵirikaŵiri 8, nthaŵi zina 6 kapena 4, ndipo pambali pake pali mawu akuti ohm, kapena kachilembo ka Chigiriki kooneka ngati mtsuko wovundikira. Dzinali ndi la mphunzitsi wa ku Germany, Georg Ohm, amene m'chaka cha 1827 anasindikiza lamulo lofotokoza mmene magetsi amayendera m'waya. Ma ohm amayesa mmene chinthu chimakanizira magetsi kudutsa. Ganizani za dziŵe lothirira dimba. Ngalande ikakhala yopapatiza, madzi amatuluka pang'onopang'ono. Ikakhala yotakasuka, amakhuthuka ambiri. Sipika ya ma ohm 8 ndiyo ngalande yopapatiza, ya ma ohm 4 ndiyo yotakasuka kaŵiri. Apa ndi pamene anthu amasokonekera, pakuti tinazoloŵera kuti nambala yaikulu ndiyo katundu wolemera. Pano zinthu n'zozondoka: nambala ya ma ohm ikamachepa, katundu wa ampulifaya akukula.

Tiyeni tiŵerengere pamodzi, ndipo amene ali ndi pensulo pafupi alembe. Lamulo la Ohm likuti, kuti mudziŵe kuchuluka kwa magetsi oyenda m'waya, amene timaŵayesa m'maampeya, mugaŵe mavoliti ndi ma ohm. Tinene kuti ampulifaya yanu, nyimbo zitafika pachimake, ikukankha mavoliti 20. Pa sipika ya ma ohm 8 padutsa maampeya 2.5, ndipo tikachulukitsa mavoliti ndi maampeya tipeza mphamvu ya mawati 50. Ikani sipika ya ma ohm 4: mavoliti ndi omwe aja, koma maampeya afika 5, mawati 100. Tsikirani pa ma ohm 2: maampeya 10, mawati 200. Wina akamva zimenezi asekerera, kuganiza kuti wapeza njira yochulukitsira mphamvu mwaulere. Ayi ndithu. Ampulifaya ya mathiranzisita sidziŵa kukana. Imayesetsa kupereka maampeya onse amene yapemphedwa, ngakhale kuti amene anaipanga anaipatsa zipangizo zokwanira maampeya 5 okha, ndipo imayesetsa choncho mpaka kupsa.

Nthaŵi imene zimenezi zimachitika tonse tikuidziŵa. Kwatsala tsiku limodzi kuti ukwati uchitike, kapena ndi usiku wa chinkhoswe, ndipo mwini nyumba waona kuti masipika ake aŵiri sangafikitse nyimbo pabwalo ponse. Atuma ana kukabwereka ena kwa anansi. Masipika afika, ndipo mnyamata amene amati amadziŵa za magetsi apotokola mawaya onse ofiira pamodzi, onse akuda pamodzi, n'kuŵakanikiza pa malo amodzi kumbuyo kwa ampulifaya. Pajatu akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo m'maganizo a anthu masipika ochuluka ali ngati mitu yochuluka yothandizana. Komatu masipika si mitu ayi. Masipika ndiwo denga. Wosenza ndi ampulifaya, ndipo ili yokha.

Kumanga kotereku, kofiira ndi kofiira, kwakuda ndi kwakuda, amisiri amakutcha paralelo. Kuli ngati kutsegula ngalande ziŵiri pa dziŵe limodzi. Masipika aŵiri a ma ohm 8 omangidwa motere amasanduka katundu wa ma ohm 4. Atatu amatsikira pafupifupi pa 2.7, anayi pa 2. Ola loyamba zonse zimayenda bwino, mwinanso nyimbo zimamveka mwamphamvu kuposa kale, anthu n'kumamuyamikira mnyamata uja. Pofika pakati pa usiku, zitsulo zoziziritsa mathiranzisita zatentha kosagwirika. Ampulifaya yabwino ili ndi kachipangizo m'kati mwake, kamene tingakatche mlonda, kodula mawu zinthu zisanafike poipa. Nyimbo zimangoti zii. Ina imaotcha fyuzi. Pamenepa ndi pamene pamachitika cholakwa chachiŵiri, choposa choyamba. M'malo mofunsa chimene chaotcha fyuzi, munthu amaikulunga ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, kapena kuikapo kachidutswa ka waya, kuti gule apitirire. Fyuzi anaiikamo kuti izifa m'malo mwa zinzake zamtengo wapatali. Ikalandidwa ntchito imeneyo, chimafa ndi thiranzisita kapena thiransifoma.

Ndipo thiranzisita sifa yokha nthaŵi zonse. Kaŵirikaŵiri imasungunuka m'kati n'kusanduka ngati waya wamba, ndipo magetsi osasinthasintha a m'kati mwa ampulifaya, mwina mavoliti 30 kapena 40, amathamangira molunjika ku koyilo ya sipika. Chipepala chimatumpha kamodzi n'kuumira pomwepo, koyilo ipsa m'kanthaŵi kochepa, fungo la vanishi wopserera n'kudzaza nyumba. Sipika yapsayo mwina ndi yobwereka. Kutacha, ukwati ulibe nyimbo, ndipo pakati pa mabanja aŵiri amene dzulo amapemphana mchere pabuka mlandu wa kulipa.

Tsono ntchito yoyamba ndi kuŵerenga zimene zalembedwa kumbuyo kwa ampulifaya. Opanga amalembapo ma ohm amene chipangizocho chingapirire: ena 4 mpaka 16, ena 6 mpaka 16, ena 8 mpaka 16. Nambala yoyambayo ndiyo malire, musatsike kupitirira pamenepo. Maampulifaya ambiri a m'nyumba ali ndi malo a magulu aŵiri a masipika, A ndi B. Musaganize kuti gulu lililonse lili ndi ampulifaya yakeyake m'kati. Pa ambiri mwa iwo, mukasankha A ndi B pamodzi, switchi imangomanga masipikawo paralelo mobisika. N'chifukwa chake mupeza atalemba kuti gulu limodzi lokha likhoza kukhala la ma ohm 4, koma magulu onse aŵiri akamaimba pamodzi, sipika iliyonse isachepere 8. Kuŵerengera kumeneku muzikuchita mbali iliyonse payokha, ya kumanzere payokha, ya kumanja payokha.

Nanga amene akufunadi masipika ambiri achite bwanji? Njira ilipo, yomanga mondondozana ngati mikanda pa ulusi. Amisiri amati siriizi. Waya wochokera pofiira pa ampulifaya apite pofiira pa sipika yoyamba. Kuchokera pakuda pa sipika yoyambayo, waya wina apite pofiira pa sipika yachiŵiri. Kenaka kuchokera pakuda pa yachiŵiriyo, waya abwerere pakuda pa ampulifaya. Apa ngalande yatalika, magetsi ayenera kudutsa m'masipika onse aŵiri motsatizana, ndipo ma ohm amaphatikizidwa: 8 ndi 8 akhala 16. Ampulifaya ipuma bwino, koma mphamvu itsika, pakuti mavoliti 20 aja apereka mawati 25 okha, oti masipika aŵiri agaŵane.

Njira yokoma koposa, ngati muli ndi masipika anayi ofanana a ma ohm 8 oti aimbe pa mbali imodzi, ndiyo kusakaniza njira ziŵirizi. Aŵiri muŵamange mondondozana akhale 16, aŵiri enawo chimodzimodzi, kenaka magulu aŵiriwo muŵamange paralelo. Abwerera pa 8. Ampulifaya ikumva ngati yasenza sipika imodzi pamene anayi akuimba. Mawu akuti ofanana ndaŵanena dala. Mukandondozetsa sipika yaikulu ya besi ndi kasipika kochotsedwa m'wailesi yakale, magetsi odutsa mwa onse aŵiri ndi amodzimodzi, ndipo kakang'onoko kapsa yaikuluyo isanadzuke n'komwe.

Chenjerani ndi masipika ochotsedwa m'galimoto, amene akalipentala athu amaŵakhomera mabokosi okongola n'kumagulitsa pamsika. Ambiri ndi a ma ohm 4, chifukwa magetsi a galimoto ndi a mavoliti 12 okha, ndipo opanga amafuna ngalande yotakasuka kuti apeze mphamvu. Aŵiri oterowo paralelo ndi ma ohm 2, katundu amene maampulifaya a m'nyumba oŵerengeka okha angapirire. Ngati nambala inafufutika, pitani nayo sipikayo kwa mmisiri aiyese ndi mita. Mita idzaonetsa nambala yocheperapo pang'ono: sipika ya 8 imaonetsa 6 kapena 7, ya 4 imaonetsa 3 kapena kupitirirako pang'ono. Zili choncho chifukwa mita imayesa koyilo ili chete, pamene kukana kwa sipika kumakwera ndi kutsika malinga ndi liwu limene ikutulutsa.

Pano ndipatuke pang'ono chifukwa cha akuluampingo ndi aphunzitsi amene akumvera. Zimkuzamawu zambiri zimene zimakolekedwa pa matchalitchi, mizikiti ndi masukulu zimayendera dongosolo lina, la mavoliti 100, momwe lipenga lililonse lili ndi kathiransifoma kake, ndipo pamenepo amaŵerengera mawati, osati ma ohm. Sipika ya m'nyumba mukailumikiza molunjika pa malo olembedwa 100 V, muononga sipikayo kapena ampulifaya, mwinanso zonse ziŵiri.

Mwaona kuti mpaka pano sindinanene zambiri za mawati, nambala imene ogulitsa amaikonda. Ndachita dala. Pa makatoni a zipangizo zina mupeza manambala oopsa, mawati 2,000 kapena 5,000, ndi zilembo za PMPO pambali. Manambala amenewo alibe muyeso wogwirizana. Aliyense amalemba mmene wafunira. Yoyenera kuikhulupirira ndi nambala ya mphamvu imene ampulifaya ingapereke mosalekeza, imene kaŵirikaŵiri amailemba ndi zilembo za RMS, ndipo iyenera kutchula kuti ndi pa ma ohm angati. Bodza la mawati linakula kwambiri ku America kotero kuti m'chaka cha 1974 bungwe la boma loona za malonda, Federal Trade Commission, linaika lamulo lokakamiza opanga kulemba mphamvu yosalekezayo. Inunso mungathe kugwira wabodza. Tiampulifaya tating'ono timene tafala masiku ano, toyendera batire la sola kapena la galimoto la mavoliti 12, ngati mulibe chipangizo chokwezera mavoliti m'kati mwake, timalekeza cha pa mawati 20 pa mbali imodzi, pa sipika ya ma ohm 4. Pa katoni angalembe 500, koma batire silidziŵa kuŵerenga.

Ndiponso khutu la munthu silimva monga mmene manambala amakwerera. Kuchoka pa mawati 50 kufika pa 100, phokoso limangokwera pang'ono, madesibelo 3. Kuti munthu anene kuti tsopano nyimbo zakwera kaŵiri, pamafunika mphamvu yochuluka pafupifupi ka 10. Choncho amene amaika ampulifaya yake pangozi potsitsa ma ohm amagula phindu laling'ono ndi mtengo waukulu. Kukweza masipika pamwamba pa mitu ya anthu ndi kuŵalozetsa kumene kuli ovina kumathandiza kwambiri, ndipo sikutenthetsa kanthu. Dziŵaninso kuti ampulifaya yaing'ono yokakamizidwa imapha sipika monga ichitira yaikulu. Mukapotokola voliyumu kupitirira pamene ingafike, nsonga za mafunde a nyimbo zimadulidwa, mawu amamveka osweka ndi okanda m'makutu, ndipo mphamvu yochuluka imathamangira ku kasipika kakang'ono ka mawu osongoka, kaja amati twita. Koyilo yake ndi yoonda kuposa zonse, ndipo ndiyo imayamba kupsa. Mawu akayamba kusweka, bwezani voliyumu.

Tafika tsopano pa mitundu iŵiri ija, kufiira ndi kuda. Pomangira pofiira pali chizindikiro chonga mtanda, amisiri amati pozitivi. Pakuda pali kamzere, negetivi. Kulakwitsa apa sikuotcha kanthu mwachindunji, ndipo n'chifukwa chake cholakwachi chimatha zaka m'nyumba osadziŵika. Sipika ikakhala imodzi yokha, kusinthanitsa mawaya sikusintha chimene khutu lingamve. Koma masipika akakhala aŵiri, ina yomangidwa molondola, ina mozondoka, pamene chipepala cha kumanzere chikukankha mpweya, cha kumanja chikuukoka. Ali ngati anthu aŵiri m'bwato limodzi, wina kupalasira kutsogolo, wina kumbuyo: thukuta likutuluka, bwato silikuyenda.

Amene amavutika koposa ndi mawu akuya. Mawu amayenda mumpweya mamita pafupifupi 343 pa sekondi imodzi, choncho funde la besi yonjenjemera ka 50 pa sekondi ndi lalitali pafupifupi mamita 7. Kwa funde lalitali chotero, masipika aŵiri a pabalaza ali ngati aima pamalo amodzi, ndipo chimene ina yakankha inzake imafafaniza. Mafunde a mawu osongoka ndi aafupi, motero safafanizana kotheratu. Chimene chimachitika n'chakuti liwu la woimba, m'malo momveka pakati pa masipika, limabalalika ngati likuchokera m'makoma. Mwini wake amaona kuti besi yachepa, apotokola batani la besi mpaka kumapeto, akwezanso voliyumu, ndipo tabwerera ku kutentha kuja. Ena amafika pokagula sipika ina yaikulu, pamene mankhwala ake anali kusinthanitsa mawaya aŵiri.

Waya wa masipika ali ndi mitsempha iŵiri, ndipo opanga amaika chizindikiro pa umodzi: mzere wofiira kapena woyera, zilembo, kapena kamtunda kamene mungakamve ndi chala ngakhale mumdima. Dziikireni lamulo lakuti mtsempha wa chizindikiro ndiwo wopita pofiira, mulitsate ku ampulifaya ndi ku sipika, kumanzere ndi kumanja. Ngati zizindikiro za pa sipika zinafufutika, tengani mwala umodzi wa tochi, wa mavoliti 1.5. Chotsani kaye sipikayo ku ampulifaya. Gwirizitsani waya mmodzi kumbuyo kwa mwalawo, winayo mumukhudzitse kamphindi pa kansonga ka kumutu kwake, maso ali pa chipepala chachikulu. Chikatumphira kunja, waya amene ali pa kansonga ndiye pozitivi. Chikaloŵa m'kati, ndi winayo. Mangani mfundo pa wayayo kuti musaiŵale. Kukhudza kokha n'kokwanira. Musayese ndi batire la galimoto, ndiponso musayese pa twita imene ili yokha kunja kwa bokosi.

Njira ina sifuna mwala. Sendezani masipika aŵiriwo ayang'anizane, kusiya mpata wa chikhatho chimodzi, muike nyimbo ya besi yambiri kapena mawu a woulutsa nkhani. Mverani. Zimitsani, sinthanitsani mawaya a sipika imodzi yokha, mumverenso. Kumene mawu amveka odzaza ndi onenepa ndiko kolondola. Kumene aonda ngati akuchokera m'chitini ndiko kozondoka. Kusiyana kwake n'kwakukulu moti ngakhale agogo amene amati makutu anatha adzakuuzani. Mukatero abwezereni masipikawo m'malo mwawo, ya L kudzanja lanu lamanzere mutakhala moŵayang'ana, ya R kumanja, atalikirane mamita 2 kapena 3. Alan Blumlein wa kampani ya EMI ku Britain, amene analembetsa nzeru ya sitiriyo m'chaka cha 1931, ankafuna kuti womvera athe kuloza pamene paima woimba aliyense. Kusanjikiza masipika onse aŵiri pamwamba pa kabati imodzi, monga tionera m'nyumba zambiri, ndi kutaya theka la chimene munalipira.

Nanga waya woyenera ndi uti? Waya nayenso ali ndi ma ohm ake, ndipo akakhala woonda ndi wautali amadya gawo la mphamvu panjira. Amisiri ambiri amatsata lamulo lakuti waya asapitirire magawo 5 pa 100 a ma ohm a sipika, ndiko kuti 0.4 pa sipika ya 8. Poŵerengera kumbukirani kuti magetsi amapita ndi kubwera, choncho mtunda wa mamita 10 ndi mamita 20 a mkuwa. Kunenepa kwa waya amakutchula ndi manambala amene mumaŵamva m'sitolo za zipangizo zamagetsi, 0.75, 1.5 ndi 2.5. Pa sipika ya ma ohm 8, waya wamkuwa wa 0.75 akwanira mamita 8, wa 1.5 afika mamita 16, wa 2.5 afika mamita 28. Pa sipika ya ma ohm 4, dulani pakati mitunda yonseyi. M'maiko ena amagulitsa mawaya a masipika okwera mtengo kuposa ampulifaya yeniyeniyo, okhala ndi nkhani zambiri zokometsera. Kwa ine ndalama zimenezo n'zotaya. Chimene muyenera kusamala nacho ndi waya wonyenga, wa aluminiyamu wokutidwa ndi mkuwa pamwamba. Amapepuka m'manja, ndipo mukapala kamtsempha kake ndi mpeni mumaona kuyera m'kati. Ameneyu amakaniza magetsi kuposa mkuwa weniweni ndi theka kapena kupitirira, komanso sachedwa kuthyoka pomangira. Ngati ndi yekhayo amene alipo, gulani wonenepa kuposa amene mukanagula.

Ntchito yeniyeni yomanga iyambe ndi kuzimitsa ampulifaya ndi kuzula pulagi kukhoma. Sendani pulasitiki ya kunsonga kwa waya pafupifupi sentimita imodzi, mosamala kuti musadule timitsempha ta mkuwa. Tipotokoleni ndi zala tikhale chingwe chimodzi cholimba. Loŵetsani m'kabowo, mumange sikuluwu kapena mulekerere kachipanira kakanikize, kenaka kokani pang'ono muone ngati wagwira. Chokanikizidwa chikhale mkuwa, osati pulasitiki, koma mkuwa usatsalire kunja. Tsopano tengani tochi muunike. Mukufunafuna kamtsempha kamodzi kosokera, koonda ngati ndevu za chimanga, kamene kangakhudze pomangira poyandikana napo kapena chitsulo cha ampulifaya. Kamtsempha kameneko ndi njira ya ma ohm pafupifupi ziro, ndiko kuti khoma la dziŵe lagumuka. Shoti ndi imeneyo, ndipo ampulifaya ya mathiranzisita yopanda mlonda imafa nayo m'kuphethira kwa diso nyimbo zikangoyamba. Chizoloŵezi chija chogundanitsa mawaya aŵiri kuti muone ngati athetheka, chimene ena anachitengera ku mabatire a galimoto, pano ndi kupha dala.

Mitundu iŵiri ya maampulifaya ifuna chenjezo lakelake. Woyamba ndi wa tiampulifaya ta mavoliti 12 tija, mawailesi a m'galimoto, ndi ambiri amakono opepuka amene amalandira nyimbo kuchokera ku foni kudzera pa Bluetooth. Mwa ambiri a ameneŵa pomangira pakuda si pozizira ayi. Mbali zonse ziŵiri, yofiira ndi yakuda, zimakankha magetsi mosinthana. Choncho musaphatikize waya wakuda wa kumanzere ndi wakuda wa kumanja pofuna kusunga waya, ndipo musaŵagunditse ku chitsulo kapena ku negetivi ya batire. Sipika iliyonse ikhale ndi mawaya ake aŵiri kuyambira ku ampulifaya mpaka kufika. Mtundu wachiŵiri ndi wa makolo, wa mavavu agalasi oyaka ngati makala, umene unalamulira mathiranzisita asanafale. Mwina ena a inu mukusungabe gumbagumba yotero, ndipo oimba magitala ambiri amaŵakondabe maampulifaya ameneŵa. Khalidwe lawo ndi losemphana ndi la anzawo. Ampulifaya ya mathiranzisita sivutika ikayatsidwa popanda sipika, koma ya mavavu ikaimbitsidwa popanda sipika, mavoliti amakwera m'thiransifoma yake yotulutsira mawu mpaka kuboola zotchinga za mawaya ake. Imeneyo musaiyatse sipika isanalumikizidwe, ndipo sipika ya 8 muiike pa malo olembedwa 8, ya 4 pa malo olembedwa 4.

Chenjezo limene likukhudza moyo wa munthu ndi ili. Waya wa magetsi wa mitsempha iŵiri, wa bulauni ndi wa buluu, ndi wabwino ndithu pa masipika, ndipo mitundu yakeyo imathandiza kusiyanitsa pozitivi ndi negetivi. Koma musaike pulagi ya magetsi a kukhoma kunsonga kwa waya wa sipika pofuna kuti muzilumikiza ndi kuchotsa msanga. Inu mukudziŵa kuti pulagiyo ndi ya sipika. Mwana wosesa m'nyumba sakudziŵa. Tsiku lina adzaipeza ili pansi n'kuiloŵetsa m'soketi, ndipo mavoliti 230 adzapita ku koyilo, kapena ku ampulifaya, kapena kwa munthu amene wagwira nsonga inayo. Polumikiza waya wofupika ndi wina, mfundo ziŵirizo zisakhale pamalo amodzi. Ina ikhale patsogolo pang'ono, kuti tepi ikadzamatuka ndi kutentha kwa Okutobala, mkuwa usadzakhudzane. Waya asadutse pansi pa chitseko, ndipo ngati wadutsa kudenga muzimuyendera nthaŵi ndi nthaŵi, pakuti makoswe amakonda kutafuna pulasitiki.

Zonse zikamangidwa, bwezani voliyumu pa ziro musanayatse. Yatsani, mudikire masekondi angapo. Maampulifaya ambiri amamveka kuti kha pamene mlonda uja walola mawu kudutsa. Ngati yanu imatero masiku onse koma lero yakhala chete, kapena kanyali kakuphethira, zimitsani mubwerere ku mawaya. Ngati zili bwino, kwezani pang'onopang'ono. Potokolani batani la balansi kumanzere mumve sipika ya kumanzere yokha, kenaka kumanja. Siyani nyimbo ziimbe mphindi 15 kapena 20 pa mlingo umene mudzafune tsiku la phwando, ndipo muike dzanja pamwamba pa ampulifaya. Kufunda n'kwachibadwa. Koma ngati simungathe kusiyapo dzanja mpaka kuŵerenga kufika pa 5, katundu wachuluka kapena mpweya sukuloŵa. Chotsani kansalu koluka kaja mayi a kunyumba anayalapo, chotsani dekoda imene mwasanjikapo, muisendeze ampulifayayo kuchoka kukhoma mpata wa chikhatho chimodzi. Ikapitiriza kutentha, chotsani masipika obwerekawo muŵabweze kwa eni ake akali amoyo, ndipo ngati bwalo n'lalikuludi, kabwerekeni ampulifaya yachiŵiri kuti igaŵane katundu ndi yanuyo.